Kachitatu Rosebell Anasankha Yekha Koleji

Kachiwiri konse, dzina la Rosebell silinatuluke pakati pa osankhidwa kupita ku yunivesite. Kutacha anasenza dengu la masitiroberi n'kukwera phiri la Zomba kukagulitsa kwa alendo. Misozi anaisiya m'njira, poti kasitomala sagula kwa munthu wolira.

Rosebell anali mwana wamasiye, woleredwa ku Zakazaka ndi amalume ake, a Yesaya. Iwowa anapuma pa ntchito ya ukalaliki m'boma, koma tayi sanapume nayo. Monga eni mbumba, ndiwo ankamusankhira maphunziro, ndipo ankasankha zaudokotala ndi zauinjiniya, m'makoleji akutali okhaokha.

"Koleji ndi yokwerera basi, anthu aone sutikesi," ankatero. "Yoyendera pansi ngati kuchigayo n'koleji imeneyo?"

Tsono masamu a Rosebell anali a Mulungu ndithandizeni. Chake chinali kulemba ndi kupeka nyimbo. Kwaya ya kutchalitchi ikaimba nyimbo yake pamaliro, ngakhale obwerera chakudya ankalira.

Loweruka lina, ophunzira a ku yunivesite ya konkuno ku Zomba anakwera phiri kukacheza. Rosebell anafunsa mmodzi wa iwo, dzina lake Ellah, zomwe amaphunzira.

"Zolembalemba ndi nyimbo," anayankha Ellah.

"Nyimbo amaphunzitsa? Mpaka digiri?"

"Ndi gauni yomwe, achemwali."

Kuyambira pamenepo, wophunzira aliyense wogula masitiroberi ankayamba wayankha mafunso: kwanuko zida zoimbira mumazigwira kapena mumangoziona m'buku? Zomwe mwalemba alipo amawerenga? Koleji ina, anamuuza, inali ndi chikwangwani chachikulu, koma nyimbo zinali za pa mapemphero basi. Ina inali ya uphunzitsi, yabwino ndithu, koma kulemba kunali kwa pabolodi. Ya pafupiyi anapitako yekha, naima pawindo, n'kumva ng'oma m'chipinda china, m'chipinda chinzake anthu akukangana za ndakatulo ngati mlandu wa malo.

Analembanso mayeso a Fomu 4, akuwerengera m'mbali mwa msewu wa kuphiri, ndipo Chichewa ndi Chingerezi anakhoza mochititsa kaso. Chotsala chinali amalume.

Anagwada. "Amalume, mwandisankhira kawiri. Kachitatuka ndiloleni ndilakwitse ndekha."

"Ndiye anthu akandifunsa, ndiziti mwana wa mlongo wanga akuphunzira kuimba? Achule a mu Likangala amaimba usiku wonse opanda digiri."

"Koma nyimbo yawo ndi imodzi yomweyo chibadwire, amalume."

A Yesaya anatsokomola, kenaka analengeza kuti nkhaniyo aiganizira. Anaiganizira mpaka tiyi atazizira, n'kuvomera, ati mongoyesa.

Chaka chimenecho dzina linatuluka, pa maphunziro omwe anaika patsogolo yekha. Lero Rosebell amalemba masewero a pa wailesi, ndipo makwaya ochokera mpaka ku Malosa amabwera kudzamupempha nyimbo. Tsiku lolandira digiri, a Yesaya anagwira chanza aliyense amene anawayandikira, ndi osawadziwa omwe.

"Luso ine ndinaliona kalekale," ankatero. "Ndinkangomukhwimitsa."

Tisawatsutse, ndi akuluakulu.

Inu amene dzina lanu lasowa chaka chino, mwina simunalephere ayi. Munangogogoda pa khomo la eni. Funsani, yendani, kasuzumireni pawindo, musankhe koleji yophunzitsa chomwe Mulungu anakupatsani. Mtima wokhawo musautaye.