Zala za Azakhali Zinalalikiranso

Mumpingo mwathu aliyense ankawatchula kuti Azakhali, ngakhale abusa amene. Mlongo wawo wamng'ono anabadwa wosamva, ndipo Azakhaliwo ali kamtsikana ankakhala naye pabenchi yakumbuyo n'kumamufotokozera ulaliki ndi manja. Atakula anakaphunzira chinenero chamanja. M'kati mwa sabata ankasita zovala pahotela, Lamulungu n'kumaima pambali pa guwa kumasulirira anthu osamva.

Imvi zitayamba kutuluka, zala zawo zinayamba kuchita dzanzi. Simbi inkawawotcha iwo osadziwa. Ankatopa msanga, poyenda n'kumadzandira ngati oledzera. Tsiku lina, ulaliki uli m'kati, zala zinakana kupindika. Osamva aja anangoyang'anana. Azakhali anatsika n'kukakhala pansi, misozi ili chuchuchu.

Ena anawalangiza kuti angosala kudya. Mlongo wawo anakana, n'kuwakokera kuchipatala. Dokotala atawayeza anati, "Mayi, magazi achepa, mitsempha nayo yayamba kuwonongeka. Thupi lanu silikutenganso vitamini B12 m'zakudya. Muzibayitsa jakisoni wake moyo wanu wonse."

"Nanga zalazi zidzagwiranso ntchito?"

"Mwabwera nthawi yabwino. Koma mudekhe, sizichira lero."

Jakisoni ankamuopa koopsa, moti nesi ankawaseka. "Azakhali, ukulu wonsewu kutsinzina?"

"Ndikupemphera, mwana iwe. Baya msanga!"

Sanaphonyepo tsiku lawo la jakisoni. Mphamvu zinayamba kubwerera, kenako anatha kumanga okha mabatani. Lamulungu limene anaimanso pambali pa guwa, osamva anakweza manja m'mwamba n'kumawagwedeza, momwe iwo amaombera m'manja. Mpingo wonse unatengera, mpaka abusa anaiwala pamene analekezera.

Kuyambira pamenepo, wokalamba aliyense wodandaula dzanzi kapena chizungulire ankamuperekeza okha kukayezetsa. Wina akati mankhwala ndi kuchepa kwa chikhulupiriro, ankamuyankha kuti, "Ine ndinapempha Mulungu, Iye ananditumizira nesi. Ndikanamubweza?" Anayambitsanso kalasi ya chinenero chamanja, ati kuti zala zikadzatopanso, osamva asadzasowe Mawu.

Anatisiya mwezi watha, masana, ali pampando wawo, mwana wa mlongo wawo akuwawerengera Salimo. Pamaliro, anthu amene Azakhali anawaphunzitsa anachuluka moti ankasinthana kumasulira, ndipo nyimbo yomaliza tinaiimba tonse ndi manja.