Giyabokosi pa thandala la khofi

Inu owerenga, ine ndinamasulira giyabokosi ya galimoto pa thandala loyanikira khofi la mkazi wanga, kenako n'kukhala chete. Kumasulako kunali kupusa chabe. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi kukhala chete kuja.

Ndine mphunzitsi wochokera kummwera, ndipo ndinakwatira kuno ku Misuku. Zaka zingapo zapitazo ndinagula kagalimoto kakalekale kofiira, ka mipando iwiri, kopanda denga, kwa mkulu wina wa ku Chitipa boma amene kanamutopetsa. Anzanga ankandiseka kuti kafupi chonchi kadzasiya mimba pa miyala ya kuno, koma ine ndinkakakonda zedi. Vuto lake linali limodzi: pokwera phiri giya yachiwiri inkachoka yokha. Amakaniko a ku boma anakana, akuti zamakedzana zotere sakhudza. Ndiye pa holide ndinati ndikonza ndekha.

Mkazi wanga, amake Lusayo, anabzala khofi ndi manja awo n'kudikira zaka zinayi. Chaka chimenecho ndiye anakolola zooneka koyamba, ndipo gulu la amayi olima khofi m'mudzi mwathu linali litangowalandira kumene. Thandala la mkazi wangalo linali la waya wa sefa, lofika m'chiuno, kuseri kwa nyumba.

Tsiku lina iwo atapita ku maliro ku Chisenga, ndinaliona thandalalo lili lopanda kanthu. Ndinati eya, malo ndi awa, osawerama, nkhuku osafikapo. Ndinayala magiya, mabering'i ndi timawashala mwa ndondomeko yake, chilichonse ndikuchitsuka ndi parafini pomwepo. Oyilo wakale wa m'giyabokosi, abale, amanunkha moipa, ndipo anadontha masiku atatu. Ndinapeza mphete yamkuwa yodyeka, ndinaikamo ina imene mnzanga anandibweretsera kuchokera ku Tanzania, n'kumanga zonse bwinobwino. Thandala ndinalipukuta ndi chiguduli, pansi n'kuthirapo dothi.

Atabwera, amake Lusayo anayanika khofi wawo wotsuka kale pa thandala lomwe lija. Ndinali pakhonde, ndikuona. Mawu anafika pakamwa, koma ndinadziuza kuti dzuwa liuluza fungolo. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa kukalipiridwa chifukwa cha galimoto imene iwo sanaifune chiyambire. Sindinkadziwa kuti khofi amamwa fungo ngati mmene mkaka umachitira. Iwo anali ndi chimfine cha ku maliro, ndiye sanamve kanthu.

Tsiku lopereka khofi ku gulu ndinawanyamulira matumba ndine. Amayiwo asanaphatikize khofi, wapampando amapisa dzanja m'thumba lililonse n'kununkhiza. Atafika pa athu, ananunkhiza kawiri, n'kupatsira mnzawo. Kenako ananena mofatsa, pamaso pa onse, kuti khofiyu ndi wa parafini, ndipo akalowa mwa enawo wogula akana yense. Wina kumbuyo ananong'ona kuti ena amathamangira kulowa m'gulu asanaphunzire ukhondo. Mkazi wanga anangoti yewo, zikomo wa kuno, n'kumanga matumba awo. Ine ndinali chiimire pomwepo, ndipo kachiwiri sindinatsegule pakamwa.

Titafika kunyumba anapita kuseri, nawerama n'kununkhiza mitengo ya thandala. Anapalasa dothi lija ndi phazi, lakuda n'kuonekera. Sanakuwe. Anandiyang'ana nati, “Aphunzitsi, mukanangondiuza tsiku lija, waya ndikanasintha. Mukanangonena paja, dzina langa likanatsala.”

Mawa lake ndinapita kwa wapampando kukaulula. Anandimvetsera, nati amva, koma khofi wa chaka chimenecho anali atatayika basi, ndipo amene ananong'ona uja sanabweze mawu ake. Thandala ndinamanga lina. Zaka zinayi za mkazi wanga sindikanatha kuzimanga.

Inu owerenga, makamaka abambo anzanga okonda sipanala, malo amene mnzanu amagwirirapo ntchito si malo opanda mwini, ngakhale muwapeze opanda kanthu. Ndipo mukalakwa, nenani tsiku lomwelo, kukalipiridwa kumatha msanga.

Galimoto ija ikuyenda bwino, giya yachiwiri sichokanso. Lamlungu lililonse ndimailiza n'kutsegula chitseko cha mbali inayo. Amake Lusayo amati yewo, n'kutenga Baibulo lawo, ulendo wapansi kutchalitchi. Mpando umenewo sanaukhalepo mpaka lero.