Munthu Wotchedwa Valentaini

Mwezi wa Febuluwale kwathu unkanunkha fodya. Osati wa ndudu ayi, koma wamuwisi, wothyola kumene, amene utomoni wake umakanirira m'zala mpaka sopo kugonja. Mudzi wathu unali chakumpoto kwa Nsaru, ndipo kuseri kwa nyumba iliyonse kunali chigafa choumitsiramo fodya. Mvula ikakata, madenga a udzu ankatuluka nthunzi, fungo la masamba ofota n'kusakanikirana ndi la matope a m'khola, ndipo ana tonse tinkayenda mutu ukuwawa osadziwa chifukwa chake. Chimanga chinali chisanakhwime. Chaka chimenecho ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ntchito zanga zinali ziwiri: kusoka fodya ndi kunena zoona. Yachiwiriyi ndinkaigwira mwaluso.

Ababa anali mkamwini. Kwawo kunali ku Nambuma, ndipo pamudzi pa amayi ankakhala monga akhalira akamwini onse, munda wopatsidwa, mawu ochepa, moni wambiri. Anali munthu woonda, wokonda wailesi. Inali yakuda, ya mabatire atatu, ndipo polima ankaikoleka pamtengo kuti iziwalangiza. Chimene wailesi yanena, ababa ankachita. Itanena kuti fodya amafuna manyowa, anatuta ndowe zonse za m'khola la atsibweni, eni kholawo akuseka. Chaka chimenecho fodya wathu anatalika kuposa ababa, wa atsibweni n'kulekeza m'chiuno. Kuseka kunathera pomwepo.

Atsibweni a Gilibati, mlongo wawo wa amayi, anali mwini mbumba komanso mkulu wa mpingo. Anali ndi khosi lonenepa ndi manja onga mafosholo, ndipo popemphera ankafotokoza tchimo la munthu mwatsatanetsatane mpaka mwini wake kudzizindikira. Kuyambira Januwale anayamba kupempherera alendo amene minda yawo ikubereka modabwitsa. Mphekesera za kukhwima zinali ponseponse nyengo imeneyo. Akuti wina kutsidya kwa dambo anapereka mwana kuti agule chigayo. Palibe amene anamuona mwanayo, ngakhale chigayocho. Koma ngakhale ine ndinkadziwa kuti ababa akangolakwa kamodzi, anyamula thumba lawo.

Ndiye wailesi inayamba kulalikira za tsiku la okondana. Ine sindinkamvetsera, ndinkangodikira nyimbo. Lachinayi ababa anapalasa njinga kupita ku Nsaru, n'kubwera ndi jumbo yakuda imene sanalowe nayo m'nyumba. Ndinawapeza akuitsomeka kudenga la chigafa. Munali makandulo ofiira asanu ndi limodzi, nsalu yofiira ndi kampunga.

"Esinati, waona chiyani?"

"Makandulo."

"Sunaone kanthu. Izi ndi za Valentaini. Ukangowauza amako, zonse zawonongeka."

Dzinalo ndinaliloweza ngati vesi la ku Sande sukulu.

Loweruka masana, amayi ali kudimba, ababa anapha tambala wakuda kuseri kwa nyumba. Sanamusankhe chifukwa cha mtundu, ndi yekhayo amene chitopa chinamusiya. Anaphika okha, akuyang'anayang'ana ngati wakuba, maso akutuluka misozi ndi utsi wa nkhuni zonyowa. Nyumba yathu inali ya zipinda ziwiri, ndipo dzuwa likalowa pabalaza pankakhala pa ine ndi mng'ono wanga. Choncho ababa anasankha masana. Koma wailesi inali itanena za makandulo, ndipo kandulo masana amaoneka wopusa. Ababa anapachika bulangete pazenera kuti apange mdima wawowawo. Ife anatitumiza kuchigafa kuti tikasoke fodya mpaka atiitane. Ndinazembera pakona ya nyumba, ndipo ndinaona amayi akufika pakhomo, atasamba, n'kusuzumira m'kati. Anagwira pakamwa. Mapewa awo ankagwedezeka ndi kuseka. Chitseko chinatsekeka, ndipo ndinamva mpiringidzo ukulowa.

Za m'katimo anandiuza ababa patapita zaka zambiri, ndipo ndikuzipereka monga umboni wa wozengedwa mlandu. Mbale zabwino zinali ziwiri zokha, zonse zili ndi mpunga, ndiye makandulo analibe pokhala. Ababa ankadontheza phula n'kuwaimika paliponse: awiri pampando, awiri pansi, awiri pazenera, kunsi kwa bulangete. Pakona panali mulu wa fodya wouma, womanga m'timitolo, amene tinkasunga m'nyumba poopa akuba. Amayi anavala nsalu yofiira ija. Ababa anali kuwadyetsa nkhuku ndi dzanja lawo, amayi akukana, akuseka, akulandira. Kenako mphepo yotsogolera mvula inakankha bulangete pazenera lopanda galasi.

Ku koleji ndinangokhalako miyezi khumi ndi inayi, koma ndinachokako nditamva kuti moto umafuna zinthu zitatu: choyaka, mpweya ndi kutentha. Ababa anaupatsa zonse zitatu, n'kuwonjezerapo nkhuku.

Ife kunja tinayamba kuona utsi wachikasu ukutuluka m'mphepete mwa denga, wonunkhira bwino ngati mudzi wonse wayamba kusuta. Udzu pamwamba unali wonyowa, koma kunsi kwake kunali pepala lakuda la pulasitiki lotchinga mvula, ndipo limenelo linasungunuka n'kumadontha ngati mafuta oyaka. Ndinamva amayi akukuwa ndi mawu amene sindinawamvepo. Chitseko chinkagunda kuchokera m'kati. Mpiringidzo unali utafufuma ndi chinyezi, ukukana kutuluka. Mng'ono wanga anadzikodzera. Ine ndinathamanga ndikuitana atsibweni.

Anabwera ndi nkhwangwa, n'kung'amba chitseko katatu kokha. Ndiyenera kulemba poyera kuti ndi iwo amene anapulumutsa makolo anga, chilungamo chikufuna choncho. Amayi anatuluka chokwawa, pulasitiki ikuyaka pamkono, tsitsi likuthetheka. Amayi ena anawakhuthulira mtsuko wonse wa madzi. Khungu la pamkonopo linasendeka ngati la mbatata yowiritsa. Ababa anatuluka pambuyo, akutsokomola, ndipo pa zinthu zonse zimene munthu angapulumutse m'nyumba yoyaka, iwo anatuluka ndi kandulo wofiira m'manja. Mpaka lero sadziwa chifukwa chake.

Anthu anasiya kutunga madzi. Onse ankayang'ana kanduloyo, nsalu ya amayi, ndi nthenga zakuda zimene mphepo inkauluza pabwalo.

"Alamu," anatero atsibweni, nkhwangwa ikadali m'manja, "masana ano, chitseko chopiringidza, mdima wochita kupanga. Mumamutani mlongo wanga?"

Ababa anatsegula pakamwa, koma munatuluka chifuwa chokha. Atsibweni anatembenukira kwa ine.

"Esinati, iwe sunama. Waona chiyani?"

Ndinaimirira mowongoka, manja kumbuyo, monga tinkachitira polakatula mavesi. Ndinanena za jumbo yobisa m'chigafa. Ndinanena za makandulo, ndipo ndinawawerenga. Ndinanena za tambala wakuda ndi malo amene magazi ake anagwera. Ndinanena kuti anandiletsa kuuza amayi. Pomaliza, ndi mawu omveka bwino, ndinati zonsezo zinali za Valentaini.

"Valentaini? Ndi sing'anga wa kuti ameneyo?"

"Si munthu, alamu, ndi tsiku la…"

Chibakera cha atsibweni chinawapeza ababa pakamwa mawu asanathe. Ndinamva kulira kwa dzino, ngati mtedza wouma akauponda. Ababa anagwa chagada m'matope, ndipo amuna amene dzulo lake ankawabwereka pampu ya njinga anathamangira kuchigafa kukasolola mikangala yopachikira fodya. Anawamenya kumsana, m'nthiti, m'miyendo. Mtengo ukathyoka ankatenga wina. Mnyamata wina wa kwaya anawaponda pakhutu ndi jombo. Ababa sanabwezere, anangodzipinda ngati bongololo, manja ali kumutu. Wailesi inali itanena kuti tsikulo anthu avale zofiira, koma iwo analibe, ndiye anavala malaya awo oyera a kutchalitchi. Pasanathe nthawi anali atavala zofiira. Wina anatenga njinga yawo n'kuiponya m'moto, matayala n'kuphulika limodzi ndi limodzi. Kumbuyoko denga linagwera m'kati, ndi fodya yense amene tinali titaumitsa.

Atsibweni anakweza dzanja, anthu n'kuima, akupuma mwawefuwefu. Anapita pamene amayi anakhala, atazunguliridwa ndi amayi a mvano.

"Iwe Nangondo, nena wekha pamaso pa anthu. Amakutani m'nyumbamu?"

Ababa anadzutsa mutu m'matope. Diso limodzi linali litatsekeka, linalo likuyang'ana amayi. Amayi anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana amayi a mvano, anayang'ana ine. Kenako anakoka nsalu yofiira ija n'kudziphimba kumaso.

"Mwaona?" anatero atsibweni. "Wamutseka pakamwa."

Mikangala inayambiranso. Chimene chinawaleretsa ababa si munthu, ndi mvula. Inagwa yamatalala, yokwapula, ndipo amuna olimba mtima aja anathawira m'makonde. Ababa anadzuka pang'onopang'ono, n'kulavula magazi. Atsibweni anawalozera njira ali pakhonde. Ababa anadutsa pafupi ndi ine akutsimphina, nsapato imodzi palibe, ndipo anandigwira pamutu pang'ono. Analowera njira ya ku Nambuma wapansi.

Amayi anapita kuchipatala pangolo, n'kukhalako masabata atatu. Atsibweni anatimangira nyumba ina, yabwino kuposa yoyamba, ndipo sankatopa kutikumbutsa. Ankhoswe anakumana kawiri chimanga chitauma. Ababa anatumiza mawu kuti ali okonzeka kubwerera ngati mkazi wawo afotokoza yekha zimene zinachitika. Amayi anapita kubwaloko, anakhala pamphasa, anayang'ana pansi. Ukwati unathera pomwepo. Sanakwatiwenso, ndipo mkono uja ankauphimba ngakhale m'chilimwe.

Ine nyengo yonseyo ndinkadana ndi Valentaini. M'maganizo mwanga anali wamtali, wa ndevu zosapesa, wokhala kuseri kwa msika wa ku Nsaru, ndipo tsiku la msika ndinkayang'anitsitsa amuna onse a ndevu. Za ine ndekha ndinalibe nkhawa. Anandifunsa, ndinayankha, ndipo panalibe liwu limodzi labodza. Amayi ndiwo ndinkawadabwa. Ndinkaganiza kuti mwina mankhwala aja anawagwiradi lilime.

Lero ndapitirira msinkhu umene amayi anali nawo tsiku lija. Umboni wanga ndaubwereza kambirimbiri, ndipo bodza sindinalipezemo. Chosowamo n'chimodzi: sindinanene kuti ndinawaona amayi akuseka pakhomo, chifukwa sindinkadziwa kuti kuseka n'kofunika pamlandu. Za lilime lawo nazo ndinazimvetsa. Yankho linali lalifupi, loti amuna anga amandidyetsa nkhuku ndi dzanja lawo, ndipo ine ndimakondwa. Mayi wa mvano, wa ana awiri, akanatha kunena pamaso pa mlongo wake kuti mwamuna amamumenya, ndipo mudzi ukanamva bwinobwino. Izi zinazi kwathu kunalibe pozinenera.