Mdzukulu Wanga pa Nsanja ya Mapira

Ine mawu anga amadziwika kuyambira kuno kwathu mpaka kumsika wa Bangula. Ndili mnyamata ndinkaima padoko n'kuitana bwato lili tsidya la Shire, mwini bwato n'kutembenuka. Sikudzitama ayi, kafunseni aliyense wa imvi. Sukulu sindinapite nayo patali, ndipo izi ndikulemba mokoka ngati ng'ombe yokalamba pangolo, koma pakamwa palibe anandiposa.

Chaka chimene madzi anatenga nyumba yathu, mayi a ana anga sanakhalitse. Tinasamukira kumtunda pang'ono, iwo anadwala, tinawaika. Kuchokera apo m'kati mwanga munauma ngati makande a m'chilimwe. Anthu ankadabwa kuti sindikulira. Ndinkadya, ndinkagona, ndinkayankha moni. Kukuwa ndinkakuwabe poti pakamwa panazolowera, koma mumtima munalibe kanthu.

Pakhomo ndinatsala ndi mwana wanga wamkazi ndi mwana wake, mdzukulu wanga, mnyamata wamtali wa ndevu zongoyamba kumene, amene anamaliza Folomu 4 n'kungokhala. Amalume ake ogwira ntchito kuminda ya nzimbe anamupatsa laputopu yakale, yosweka pakona, kuti aziphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta. Akuti ndi ntchito ndithu, anthu amadyera momwemo. Aphunzitsi ake anali ku Blantyre, ankalankhulana nawo pafoni basi. Ife tinavomera, tinamuikira ndi kasola padenga.

Koma m'zipangizo zomwezo munalinso magemu, masewera a pagalasi aja. Ife sitinkadziwa.

Kuno mapira akachita mkaka, munda susiyidwa wokha. Timamanga nsanja pakati, timakoka zingwe kupita kumakona onse, pazingwepo timapachika zitini zoikamo timiyala. Mpheta zikatsika ngati utsi, umakoka chingwe n'kukuwa. Ntchito imeneyo inali yanga moyo wanga wonse, ndipo mpheta za kuno zinkandidziwa. Koma chaka chimenecho mawondo anakana kukwera nsanja. Tinatuma mdzukulu.

Ankapita m'mawa uliwonse, foni m'thumba. Tsiku lina amayi ake anamupititsira chakudya masana. Anamupeza ataweramira foni, timawaya tili m'makutu, zala zikuvina. Mpheta zinali pangala za pansi pa nsanja penipeni, zina zitatera pachingwe chomwecho ngati zabwera kudzacheza. Atayenda m'mundamo anapeza kuti sizinayambe tsiku limenelo. Ngala zambiri zinali mankhusu okhaokha.

Mwana wanga anabwerera naye kunyumba, chakudya chili m'manja. Sanalire. Anatenga laputopu, analanda foni, anaziika m'thumba lakale la feteleza n'kumanga kukamwa.

"Ababa," anatero kwa ine, "izi ndikukaponya mu Shire. Zikasewere nazo ng'ona."

"Amayi, foni tayani," anatero mdzukulu, "koma laputopuyo ndi sukulu yanga."

"Sukulu yake iti? Yomwe yatidyera mapira?"

"Zija ndi zina, izi ndi zina."

"Ine ndikuona galasi limodzi."

Onse awiri anayang'ana ine. Kunena zoona sindinamve mkwiyo, sindinamvenso chisoni. Munda uja ndinkauona ngati wa munthu wina. Koma wamkulu pakhomo ndine, ndiye ndinatsegula pakamwa mpaka nkhuku zinathawa. Ndinati thumba limasulidwe, zipangizo zikhale mpaka mapira ena akololedwe. Mpheta zikadzadyanso, ndidzanyamula ndekha thumbalo kupita nalo kumtsinje, ndi mawondo anga omwewa.

"Nanga tizidziwa bwanji kuti akuphunzira?" anafunsa mwana wanga. "Inu mumawerenga zimenezo?"

Apo anandigwira. Pagalasi paja ine ndimangoona nyerere zili pamzere. Mnyamata akanatha kutionetsa chilichonse n'kunena kuti ndi ntchito.

Ndinati, "Galasi sindiliyang'ana. Ndiziyang'ana iyeyo."

Ine ndaonerera anthu a bawo pansi pa mtengo kumsika zaka zosawerengeka, ndaonanso asodzi akusoka maukonde. Nkhope zake sizifanana. Wa bawo kamwa limakhala yasa, mapewa akuyenda, thako silikhazikika pampando. Wosoka ukonde amakhala ngati dzino likumuwawa, amausa moyo, amabwerera pamfundo imodzimodzi. Ndiye ndinalamula kuti laputopu isamalowenso kuchipinda. Azikhala nayo pakhonde, ine ndizikhala kutsogolo kwake, kuseri kwa chivundikiro cha laputopuyo, ndiziona nkhope.

Lamulo lachiwiri ndinalitenga kudambo. Msodzi akamalowa m'kanjira ka m'mabango amakuwa, kuti amene ali kutsogolo adziwe kuti kukubwera bwato. Wolowa mwakachetechete ndi wakuba nsomba za m'mono wa mnzake. Ndinati kusewera sindikuletsa, munthu si khasu. Koma akafuna kusewera azikuwa, amayi ake amve ali kukhitchini.

Anaseka. "Agogo, ndizilengeza ngati wogulitsa mlamba?"

"Ee. Ndiponso mlamba wakowo ndi wowola."

Poyamba ankangonong'ona. Ine ndinkati, "Sindinamve!" Ndiye ankakweza, "Amayi, ndikusewera!" Amayi ake ankangopitiriza ntchito kukhitchini. Aneba anayamba kuseka, ena ankamufunsa panjira ngati lero walengeza kale.

Tsiku lina masana ndinaona mapewa ayamba kuyenda, kamwa latseguka, koma kulengeza kulibe. Ndinadikira pang'ono. Kenako ndinakuwa m'malo mwake, ndi mawu aja a padoko, "Akuseweraaa!" Anamva mpaka kumjigo.

Anatseka laputopu mwamphamvu. "Agogo, mukundichititsa manyazi."

"Manyazi ali m'nkhokwe. Kasuzumire uwaone."

Anandikwiyira masiku angapo. Amayi ake nawo ankangomuikira chakudya osamuyang'ana. Ine ndinkakhala pampando wanga ndikuyang'ana nkhope yosafuna kundiyang'ana. Sizinkandipweteka. Ndinkangoona kuti dzuwa lasuntha.

Koma kuyambira apo sanaberenso. Ankalengeza yekha, ndipo masewerawo anayamba kufupika. Chinthu chimene mudzi wonse ukudziwa kuti ukuchita sichikoma ngati chobisa. Masiku ambiri inali nkhope ya ukonde ija. Ankadzimenya pachipumi, ankausa moyo. Ndikamufunsa ankati, "Penapake palakwika, agogo, zonse zaima, koma sindikupaona." Ndinkamuuza kuti ndi mmene ukonde umachitira, bowo limabisala mpaka nsomba itatulukirapo. Sankaseka, koma ankagwedeza mutu.

Chaka chija tinadya za maganyu ndi nyika, timbatata ta maluwa a m'madzi ta m'dambo. Sindilemba zambiri za zimenezo, aliyense wa kuno akuzidziwa.

Mapira ena atayamba kuchita mkaka, mdzukulu anabwera ndi foni n'kundiikira pakamwa.

"Agogo, takuwani ngati mukuingitsa mpheta."

"Pakhonde pano?"

"Pompano."

Ndinakuwa. Anatenga mawuwo n'kuwaika m'kapulogalamu kamene analemba yekha, kakuti foni izikuwa yokha pakapita kanthawi. Analumikiza foni ndi sipika yobwereka kwa mnzake ndi kasola kaja, n'kuzimangirira pamtengo kumapeto kwenikweni kwa munda, kutali ndi nsanja. Kutaliko anasankha yekha. Anati foni ikakhala kumeneko, zala zake siziifikira.

Anandiperekeza kumunda, ndinakhala pamthunzi m'mphepete. Mwadzidzidzi ndinamva mawu anga akuyenda pamwamba pa mapira, ine pakamwa nditatseka. Mpheta zinabalalika. Anthu a minda yoyandikana anabwera kudzaona, ena ankaseka mpaka kugwira pamimba. Ine ndinangoganiza kuti, kani ndimamveka chonchi. Mayi a ana anga ankanena kuti ndidzawagonthetsa. Ndinakumbukira zimenezo, n'kungokhala.

Sipanapite nthawi, mpheta zinazolowera. Zinaona kuti nkhalamba ya pamtengo imakuwa nthawi yofanana ndipo siponya mwala. Zinayamba kudya pansi pa sipika pomwepo.

"Zakuzindikira kale," anatero mwana wanga kwa mdzukulu. "Ababa, thumba lija ndikadali nalo."

Mdzukulu ananyamuka. Anakwera pansanja, anagwira zingwe ndi manja, anayamba kukuwa ndi kukhosi kwake. Mawu ake ndi ochepa, ngati a bambo ake, koma ankayesa. Dzuwa likapendeka mpheta zitapita, ankakhala pakhonde kukonza kapulogalamu kaja kuti kazikuwa mosadziwika nthawi, pena motalika, pena mofupika. Zinathandiza pang'ono, osati kwambiri. Chimene chinasunga munda ndi mikono yake. Pofika nthawi yokolola manja anali matuza, mawu atasasa, khosi litapsa ndi dzuwa. Magemu sanalengeze ngakhale kamodzi nyengo yonseyo, ndipo amayi ake ankapita kumunda mosayembekezereka osapeza kanthu.

Tinakolola. Sikuti nkhokwe inasefukira, koma inali nkhokwe. Ndinadikira kuti mwana wanga anene kanthu za laputopu. Sananene. Thumba la feteleza lija linali lopachikabe pamsomali kukhitchini, ndipo mdzukulu ankaliona tsiku lililonse. Anayamba kulandira timantchito ting'onoting'ono kuchokera kwa anthu a m'tauni, akumawapangira zinthu pakhonde lomwelo. Ankauza amayi ake, iwo ankangoti, "Ndamva."

Dzinja lotsatira mtsinje unadzazanso. M'mawa wina anthu anayamba kukuwa kuti madzi alowa m'minda ya kumunsi ndipo akubwera ngakhale kuno kumene tinathawira. Tinayenera kupita kusukulu ya kumtunda. Mdzukulu anathamanga kukamasula mbuzi.

Kuno munthu akamathawa madzi, zambiri amazisiya. Zimene amaika m'beseni la pamutu ndi zokhazo zimene sangakhale popanda. Ine ndinali chiimire pakhomo ndi ndodo yanga, ndikuona mwana wanga akulongedza. Anaika mbewu ya mapira pansi. Anaika bulangeti ndi mapoto. Kenako anapita kukhitchini, anatsitsa thumba la feteleza lija pamsomali, anaikamo laputopu, anapinda bwinobwino kuti dontho lisalowe, anakulunga ndi chitenje cha malemu amayi ake, n'kuika pamwamba pa mbewu. Anasenza.

Mdzukulu anabwera akupuma mofulumira, mbuzi zikumukoka. Analowa m'nyumba, anatuluka.

"Amayi, laputopu ili kuti?"

"Ili pamutu panga pano. Ndipatse mbuzizo, gwira agogo ako dzanja."

"Agwidwe dzanja ndani?" ndinakuwa ine. "Ine? Madzi awa ndinayamba kuwoloka inu musanabadwe!"

"Tamva, agogo," anatero mdzukulu. "Ndi Bangula yomwe yamva."

Anandigwirabe, ndipo sindinakane. Amayi ake anali patsogolo, khosi lili chilili, dzanja limodzi pabeseni, lina pazingwe za mbuzi. Pamene tinkadutsa pachigwa cha kuseri kwa nkhokwe, madzi anali atafika kale mu akakolo. Anali ozizira kwambiri. Ndinawamva mpaka m'mano, ndipo ndinauza mdzukulu kuti ayende msanga, asamasiye amayi ake okha ndi katundu.