Tsiku limene ndinachotsa Yamikani m'gulu

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 8, tikukhala ku Chulu kumene bambo anga ankagwira ntchito pachipatala. Ife tinali obwera, ana a m'tauni osadziwa ngakhale kagwiridwe ka khasu. Mnzanga weniweni anali mmodzi, Yamikani, mwana wa pamudzi pomwepo.

Tinali ndi gemu yathu ya pa foni, yosewera anthu anayi pa intaneti, aliyense ali kwawo. Tinkateteza mudzi ku zilombo, ndipo kupambana kunali kwa tonse, kugonjanso kwa tonse. Koma pomaliza gemuyo inkaonetsa mndandanda: uyu wapha zingati, uyu waphonya kangati. Ine, poti ndinali mtsogoleri wa gulu, mndandandawo ndinkauwerenga kuposa makope a kusukulu.

Yamikani ankasewera pa foni ya achimwene ake, ndipo dzina lake linkakhala pamwamba nthawi zonse. Mu Febuluwale linayamba kutsika, mpaka kumchira kwenikweni. Kusukulu nako anayamba kujomba. Ndikamulembera uthenga ankangoyankha kuti, "Ndi netiweki, aise." Netiweki yake iti, poti ine ndi iye tinkadalira nsanja imodzi yomweyo?

Msuweni wanga Tadala, yemwe ankasewera nafe ali ku boma, ndiye anandikolezera. "Iwe, ameneyo wapeza gulu lina. Ife akungotipusitsa." Ine ndi mtima wanga wapachalawu ndinangomeza zonse. Ndinayamba kumuzonda Yamikani: walowa nthawi yanji, watuluka nthawi yanji, nanga bwanji akungoima ngati chitsa zilombo zikutimaliza? Sabata yathunthu ndinkalemba manambala ake kuseri kwa kope la masamu. Loweruka titagonja katatu kotsatizana ndinapsa mtima, ndinadina batani n'kumuchotsa m'gulu. Sindinamuuze n'komwe.

Lolemba madzulo mayi anandituma kukatenga nkhwani kwa amake Yamikani. Ndinawapeza m'chigafa choumitsiramo fodya, banja lonse litakhala pansi likusoka fodya. Fungo la masamba aawisi linandikanda pakhosi. Yamikani anali pakona, mulu wa fodya pamiyendo, zala zake zili bii ndi utomoni, zina zitang'ambika.

Amake atandiona anaseka. "Aa, mnzake wa pa foni uja ndiwe? Mwana wanga, umuuze azipumako. Akachoka pano utomoni uli tho m'manja, sopo walephera, koma iye pa foni! Chala chikungomatirira pagalasi osayenda, iye misozi ili lengelenge, ati anzanga akundidikira."

"Amayi, basi," anatero Yamikani, osandiyang'ana.

Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvenso mpaka lero. Ndinanjuta pafupi naye n'kumufunsa chapansipansi kuti bwanji sanandiuze.

"Ukanamva chiyani iwe? Kwanu mumasoka fodya?"

Ndinamupempha kuti abwerere. Anamanga chingwe chake kaye, kenako anati, "Malo anga mwaikapo kale wina. Ndaona." Sananame. Tadala anali atalowetsa mnzake wa ku boma Loweruka lomwe lija, ine n'kuvomera.

Fodya anauma, anapita kumsika, manja a Yamikani anayera, koma m'gulu sanabwereremo. Kusukulu tinkangopatsana moni ngati anthu okumana pachigayo, mpaka bambo anga anawasamutsa ku Chulu.

Masiku ano ndikamva anthu akukangana ngati magemu osewera pagulu azionetsa manambala a munthu aliyense, ine ndimakhala mbali ya okayikira. Sikuti manambala aja anandinamiza, ayi, Yamikani ankaphonyadi. Koma anandipangitsa kudziona ngati ndadziwa zonse ndili khale pakhonde, pamene kuchoka kwathu kukafika pachigafa chija unali ulendo wa mphindi khumi zokha, ndipo sindinauyende ndisanadine batani lija.