Misozi ya Maso Ouma

Mayi telala wa pakona wasoka zaka makumi awiri m'kachipinda ka malata, ndipo chilimwe chilichonse maso ake amanyerenyetsa ngati wina wathiramo mchenga. Akamalowetsa ulusi pasingano, misozi imangotsika yokha. Adokotala anati masowo ndi ouma, n'chifukwa chake amatulutsa misozi. Anamupatsa kabotolo ka mankhwala odonthezera, namuuza kuti aziphethira pafupipafupi ndipo fani asamailozetse kumaso.

Chomwe chinkamupsetsa mtima sanali maso ayi, koma pakamwa pa anthu. Wobwera kudzayesa diresi ankatuluka ndi nkhani: "Akulira, abambo akunyumba apeza wina."

"Mwabwera kudzasoketsa kapena kudzandiwerenga misozi?" ankakalipa, sizasi ili m'manja. "Ndi maso awa, si banja!"

Anakalipa mpaka msewu wonse unamvetsa, miseche n'kutha.

Chaka chino, dzuwa likuswa mtengo, bamboyo analongedzadi zovala zake n'kupita kwa mkazi wina. Mayiyo anakhala pamakina, nalira kulira kwenikweni, mapewa akugwedezeka. Mlamu wake analowa, namuyang'ana pang'ono, n'kumusunthira kabotolo kaja.

"Donthezani, alamu," anatero. "Maso aja ayambanso."