Diresi Lopanda Pomasulira

Ntchito ya kwa a Twaibu ndinaipeza chifukwa cha kolala. Mphunzitsi wina wa kwathu ku Lobi anapita ku Dedza boma atavala shati yomwe ndinamusokera, ndipo atalowa m'sitolo ina ya nsalu, mwini sitoloyo anamugwira kolala n'kumufunsa kuti, "Wasoka iyi ndani?" Uthenga unandipeza pakhonde la golosale pamsika, pomwe ndinkakhala ndi makina anga opalasa ndi phazi, ndikuika chigamba pabuluku la wogulitsa nyemba. Akuti kuboma akufuna telala wodziwa makolala.

Ine mwendo wakumanja unapuwala ndi poliyo ndili wamng'ono. Ndimayenda ndi ndodo ya m'khwapa, ndipo makinawo ndinkapalasa ndi mwendo wakumanzere wokha, moti pofika madzulo chiuno chinkachita kuyaka moto. Bambo ake a Lusiya, mwana wanga mmodzi yekhayo, anapita kukalima fodya ku Kasungu mwanayo akuyamwa, ndipo fodyayo akulimabe mpaka lero ndi mkazi wina. Pakhomo tinali awiri basi, ndipo ndinene mosabisa kuti miyendo yanga anali Lusiya. Kumjigo iye, kunkhuni iye, kuchigayo iye, asanafike n'komwe msinkhu wosenza ndowa. Kusukulu ankafika anzake atalowa kale m'kalasi, mapazi atang'aluka ndi chisanu cha kwathu kuno. Zimenezi zinkandidya mumtima tsiku ndi tsiku.

Malipiro omwe a Twaibu anatchula, pakhonde paja sindikanawapeza ngakhale nditaika zigamba pamabuluku a msika wonse. Vuto linali logona. Anati ndizigona m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo pamodzi ndi amayi ena awiri osoka, ndipo malo a mwana munalibe. Akulu anga a Felesita, omwe nyumba yawo inali moyang'anizana ndi yanga, ndiwo anadula nkhani. "Pita, iwe. Mwanayu ndi wangansotu. Kuno otunga madzi alipo ambiri, apumeko." Mawu akuti apumeko ndi amene anandikweza galimoto.

Tsiku loyamba a Twaibu anayang'ana ndodo yanga kamodzi kokha, kenako anandiloza makina amagetsi apakona. Anali bambo wamtali, wosachedwa kuyankhula, wonunkhira mafuta a mumzikiti, ndipo sanandifunsepo kuti mwendo unatani. Ndinakhala pampando, ndinaika bobini, ndinapisa ulusi pasingano, ndinangogunda chopondera ndi chala cha phazi, makina aja n'kuthamanga okha. Abale, ndinatsala pang'ono kulira. Zaka zonse zija ndikupalasa ngati ndikukwera phiri panjinga, kani anzathu amasoka atangokhala ngati ali paukwati! Panalinso makina a ovaloko, omwe amadula m'mphepete mwa nsalu n'kumangiratu ulusi kuti isamasosoke, ndi simbi ya makala yomwe tinkaidalira magetsi akathima.

Chimodzi chokha ndi chomwe tinasiyana ndi abwana anga: kadulidwe. Telala wakumudzi akamadula chovala cha mwana sadula cha lero. Amasiya nsalu ya zala ziwiri mkati mwa msoko uliwonse, ndipo pansi amapinda mpindiro waukulu, kuti mwana akakula mayi abwere nacho timasule. Chovala chimodzi chimatha kumufikitsa mwana makalasi atatu. A Twaibu atatembenuza diresi langa loyamba anapukusa mutu.

"A Nankhoma, nsalu iyi mwaibisa mkatimu ndi ya ndani? Zala ziwiri pano, zala ziwiri apo, pampukutu wonse ndi diresi lathunthu limenelo. Anthu a m'tauni amafuna chowakwana lero. Mwana akakula abwere adzagule china."

Sanali kunama, ndipo nsaluyo inali yawo. Ndinaphunzira kujambula ndi choko ndendende pamuyeso, kudula ndi sizasi pafupi ndi mzere, n'kupititsa pa ovaloko kuti mkati mukhale mwaukhondo ngati chogula kunja. Poyamba dzanja linkakana, kenako linazolowera, mpaka linasiya kundifunsa.

Ndalama zinayamba kuoneka kwathu. Lusiya anavala nsapato ndi juzi ya sukulu, m'munda mwanga munalowa feteleza, a Felesita anapeza sopo ndi shuga. Koma ineyo kwathu sindinkaonekako. Kwa munthu wa miyendo iwiri ulendo wa ku Lobi ndi wopita m'mawa n'kubwera madzulo. Kwa ine unali wokwera minibasi mpaka pa Linthipe, kondakitala akudandaula kuti ndodo yanga ikudya malo a munthu, kenako kukwera njinga yamoto ya kabaza, mwendo wopuwalawo ndikuugwira ndi dzanja kuti usagwere m'masipoko. Ndikabwerako ndinkagona masiku awiri ndi chiuno, ndipo masiku amenewo sankalipidwa. Ndiye ndinayamba kuwerengera kuti ulendo umodzi ndi makope ndi nsapato za mwana. Ndinayamba kumatumiza ndalama pafoni m'malo mopita ndekha. Pafonipo Lusiya ankangoti, "Ndili bwino, kaya inu?" kenako n'kupereka foni kwa amayi ake aakulu. Ndinkadziuza kuti ndi manyazi a ana.

Pa Khirisimasi ndinapita. Ndi pomwe a Felesita anandiuza kuti Lusiya walembedwa m'gulu la ana odzalandira Ukaristia koyamba m'mwezi wa Juni. Kwathu tsiku limenelo mtsikana amavala diresi loyera, ndipo mabanja ambiri amangobwerekana limodzi lomwelo chaka ndi chaka. Ine ndinati ayi, mwana wa telala savala chobwereka. Ndinatulutsa tepi n'kumuyeza pachifuwa, m'chiuno, paphewa ndi kutalika, iye akuseka kuti tepi ikumugirigisha. Miyesoyo sindinalembe paliponse. Ya mwana wanga ndingaiwale bwanji?

Chaka chimenecho mwezi wosala wa Asilamu unagwa nthawi yachisanu, ndipo Idi inali kubwera masiku ochepa pambuyo pa Ukaristia wa Lusiya. Amene sanasokepo m'sitolo ya Msilamu nyengo imeneyo sadziwa ntchito. Mikanjo ya abambo, madiresi aatali a amayi, tizovala ta ana, zonse zofunika tsiku limodzi. Ana a m'boma muja ndinawayeza osawerengeka, ena kawiri, mayi awo akamakayika. Sabata imodzi tsiku la Ukaristia lisanafike ndinapempha kuti ndikafike kwathu ndikamuyese mwana diresi lake.

"Mayi, Idi siidikira munthu," anatero a Twaibu. "Malizani mikanjoyi, Loweruka mupite. Ya ulendo ndikupatsani ine." Ndipo anakwera pampando n'kutsitsa lesi wokwera mtengo kwambiri m'sitolomo, nandidulira osandilipiritsa. "Uyu ndi wa mwana wanuyo. Akapemphere bwino."

Diresi ndinalisoka nthawi ya nkhomaliro, pang'onopang'ono. Nsalu yoyera ya satini, lesi pakhosi ndi m'manja, mabatani ang'onoang'ono okutidwa ndi nsalu yomweyo, zipi yobisika kumsana. Anzanga aja ankati ngakhale mkwatibwi angalisirire. Loweruka ntchito inatha dzuwa litalowa, galimoto za ku Lobi zitasiya kale kuyenda, choncho ndinanyamuka Lamulungu m'mamawa, diresi nditalikulunga m'chitenje kuti lisagwire fumbi.

Ndinafika kwa a Felesita belu loyamba litalira. Lusiya anatuluka m'nyumba atasamba kale, ndipo ndinachita kaye kumuyang'ana. Anali atatalika, mapewa atatambasuka, nkhope itasiya kukhala ya kamwana. Koma ndinadziuza kuti ndi maso chabe. Tinalowa kuchipinda, ndinakhala pamphasa, ndinamuveka. Manja analowa movutikira n'kumuluma m'khwapa. Pansi linalekeza pamwamba pa mawondo. Zipi inakwera mpaka pakati pa msana n'kuima.

"Kokera mimba mkati, mwanawe."

Anakokera, anakweza manja, anasiya kupuma. Zipi siinasunthe.

Sindinachite mantha, poti singano, ulusi ndi lezala ndinali nazo m'chikwama, ndipo kumasula msoko ndi ntchito ya kanthawi kochepa. Ndinamuvula n'kutembenuza diresi lija. Mkati munali mwaukhondo ngati chogula kunja. Msoko uliwonse unali wodulidwa pafupi ndi mzere, womangidwa bwinobwino ndi ovaloko. Ndinafufuza m'mbali, ndinafufuza kumsana, ndinafufuza mpindiro. Panalibe ngakhale kansalu kokwana chikhadabo. Dzanja langa linadula diresi la mwana wanga ngati la mwana wa kasitomala, pamiyeso ya Khirisimasi, ndipo mutu wanga sunalifunse kanthu.

Lusiya anaima pamenepo atagwira mapewa chifukwa cha kuzizira. Sanalire, sanakwiye. Anatembenukira kukhomo kumene kunaima a Felesita n'kunena motsitsa mawu kuti, "Amayi, ndingovala lija?"

Lija linalipo kale. A Felesita analitulutsa m'sutikesi, diresi lobwereka kwa mayi wina wa mumphakati wathu, loyera kosayera, lomwe linadutsa pa atsikana ambiri. M'khwapa munali mosokedwa pamanja ndi ulusi wabuluu, misoko ikuluikulu ngati yosokera thumba la chimanga. Linamukwana bwinobwino.

"Tinaona kuti wakula," anatero akulu anga osandiyang'ana. "Tinati tisakuvutitse, uli pantchito. Tinangoti likhalepo, mwina."

Kutchalitchi ndinafika mochedwa, poti njira yake ndi yokwera ndipo ndodo siithamanga. Ndinakhala kumapeto kwa benchi, diresi langa lili pamiyendo m'chitenje chake. Nthawi itakwana akatekisiti analengeza kuti kholo lililonse liime kumbuyo kwa mwana wake, limugwire paphewa. Ndinayamba kufunafuna ndodo yomwe inali itagwera pansi pa benchi. Ndikuweramuka ndinaona Lusiya akucheuka, maso ake akuyendayenda pakati pa anthu. Anandidutsa, osati mwamwano ayi, anangondidutsa monga umadutsira nkhope ya mlendo, n'kukaima pa a Felesita. Akulu anga anandiyang'ana, akufunsa ndi maso. Ndinawagwedezera mutu kuti pitani. Ndinaonera mwana wanga akulandira Ukaristia dzanja la munthu wina lili paphewa pake, ndipo ndinalira mosabisa. Amayi omwe ndinakhala nawo pafupi ankaganiza kuti ndi chimwemwe.

Ndinabwerera kuboma kukamaliza za Idi, chifukwa ndinali nditalonjeza. Chikondwerero chitatha ndinawauza a Twaibu kuti ndikusiya. Iwo anati andikweza malipiro, ndiponso andithandiza kupeza kanyumba ka lendi kuti ndizikhala ndi mwana. Ndinamuimbira Lusiya ndi mtima wodumpha. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kuyankha mwaulemu kwambiri kuti, "Zikomo, koma ine ndazolowera kuno." Abwana anga atamva zimenezo sanalimbikirenso. Anandipatsa sizasi yomwe ndinkagwiritsa ntchito nati, "Makina apakonawo adzakudikirani."

Sindinabwerere. Ndili pakhonde lomwe lija pamsika wa Lobi, ndikupalasa ndi mwendo umodzi, ndikuika zigamba ndi kusintha mazipi. Chiuno chinayambiranso kuyaka, feteleza ndimagula wa m'mbale, ndipo madzi ndimalipira mayi wina kuti anditungire, chifukwa ndinalumbira kuti ndowa yanga Lusiya sadzaisenzanso. Anthu ena amati ndinachita zopusa kusiya ntchito yotero, ine wolumala, amene ntchito siimupeza kawiri. Masiku amene ufa watha ndimagwirizana nawo. Ndipo sindinganene kuti kupita kuja kunali kulakwa, poti nsapato zija zinali zenizeni, ndipo mwana anapumadi. Chomwe ndinaphunzira n'chakuti pokambirana malipiro timafunsa zimene tidzalandire, osafunsa zimene tidzapereke, ndipo ntchito ina imalipiritsa zinthu zomwe sitolo iliyonse siigulitsa. Mtsikana aliyense amene amabwera kuti ndimuphunzitse kusoka ndimamuuza zimenezi asanagwire sizasi.

Lusiya tsopano ali kusekondale. Ndi mwana wabwino, wanzeru, waulemu. Amagonabe kwa a Felesita, ndipo mutu ukamupweteka kapena mnyamata akamuvutitsa panjira, ine ndimamva mawa lake kuchokera kwa akulu anga. Madzulo aliwonse amadutsa pabwalo kudzandiona. Ndimamumva akubwera, mapazi ake ndimawadziwa, ndipo chitseko ndimachisiya chotsegula dala. Amafika pakhomo la nyumba yomwe anabadwiramo, amaima, n'kunena kuti, "Odi."

Ndinamuuzapo kuti, "Mwanawe, muno ndi mwanu, umangolowa." Anati chabwino, amayi. Mawa lake anaimanso pakhomo pomwepo n'kuodira, ndipo ine ndinayankha kuti, "Lowani."